Mlatho Usanatsekedwe

Kubanja kwa mwamuna wake ankamutchula kuti Adalaiva. Anayambitsa dzinali ndi mlamu wake wamkazi, wogwira ntchito ku banki, ndipo ankalitchula molikoka ngati akuitana wantchito. Mwini wake sankadandaula nalo, poti inali ntchito yakedi. Anali ndi minibasi yakeyake yachikasu yonyamulira ana a sukulu. Minibasi yomweyo ndi imene inkapita ndi apongozi ake aamuna kuchipatala chiwagwireni matenda opha ziwalo, ndiyonso inkasamutsa aliyense wa m'banjamo amene wakangana ndi mwini nyumba. Koma zaka zonse za ukwati wake mwana sanabwere. Za nkhaniyi sankamuuza pamaso. Ankangoti akalowa pabalaza, macheza n'kusanduka a kutentha kwa dzuwa.

Tsiku lina masana anapeza msewu wake wa masiku onse ataukumba, ndipo anakhotera m'kamsewu ka nyumba zatsopano. Ndi mmenemo anaonamo mwamuna wake pawindo la nyumba ina. Anali atakwera pampando, wopanda nsapato, atavala vesiti yokha, akupachika makatani. Pansi panaima mtsikana wa mimba yoonekera patali, akumupatsira tizitsulo. Pakhonde panakhala apongozi aakazi, kapu ya tiyi m'manja, miyendo atatambasula ngati ali kwawo. Mwamuna amene kunyumba sankatha kusintha ngakhale babu!

Sanaime. Kumbuyo kunali ana a eni ake akuimba nyimbo zawo. Anawatula onse pamageti a makolo awo, kenaka anaimika galimoto pansi pa mtengo, nagwira chiwongolero mpaka zala zinachita dzanzi. Kunyumba sananene kanthu. Anamuphikira mwamunayo, anamusitira malaya, uku akumuyang'ana m'khosi ngati nkhuku imene tsiku lake lakwana.

Loweruka la sabata yomweyo kunali ulendo. Apongozi aakazi ankati akufuna kukaona nyanja ya mchere asanafe, kupita m'mawa, kubwera madzulo. Lachisanu wailesi inachenjeza za namondwe wa m'mbali mwa nyanja, ndipo Adalaiva anawaimbira foni kuwauza.

"Ngati simukufuna kutiperekeza, ingonenani," anatero apongoziwo. "Musanamizire wailesi."

"Ayi, Amayi. Tipita."

M'mawa mwake kumwamba kunali kwa phulusa. Iye ndi mwamuna wake ananyamula Abambo, apongozi aamuna aja, kuwakhazika pampando wakutsogolo, njinga yawo ya olumala n'kuipinda kumbuyo. Akumanga zikwama, pageti panatulukira mlamu wake atagwira dzanja mtsikana uja wa pawindo.

"Adalaivaaa, uyu ndi msuweni wathu," anatero mlamuyo. "Mwana wa malemu azakhali a kutali aja. Simungamudziwe."

Mwamuna wake anali atawerama, akuyang'anitsitsa tayala limene linalibe vuto lililonse.

"Takulandirani, asuweni," anatero Adalaiva. "Khalani pakatipa, sipadumpha kwambiri. Mwana wa eni ake angavulale."

Njira yonse anaiyenda ndi diso limodzi pamsewu, lina pakalilole. Anaona apongozi aakazi akumusendera lalanje msuweniyo, akumuikira pilo kumsana. Anaona mwamuna wake akutambasula dzanja kuseri kwa mpando n'kulibweza msanga. Iye ankangosintha magiya mofatsa. Atayandikira tauni ya kunyanjayo anawoloka mlatho wautali, wotsika kwambiri, pamene mtsinje unkathirira m'nyanja. Madzi anali ofiira ndi matope, atanyamula nthambi ndi zigubu, ndipo anatsala pang'ono kunyambita simenti.

Tauniyo inawalandira ndi zitseko zotseka. Timashopu ta m'mbali mwa gombe tinali titakhomedwa matabwa. Mipando ya pulasitiki inkagubuduzika yokha mumsewu, chikwangwani cha ayisikilimu chikumenyetseka pakhoma. Nyanja yomwe anadzera inalibe buluu ngakhale pang'ono. Inali yakuda, yolusa, mafunde akumenya khoma la gombe n'kulavulira thovu mpaka pamsewu.

Apongozi aakazi sanafune kugonja. Anatsika ndi ambulera, naima kuyang'ana nyanja yawo. Mphepo inatembenuza ambulerayo ngati mbale, kenaka inazula wigi ya mlamu uja n'kuiulutsira pamwamba pa denga. Onse anathawira m'lesitilanti imodzi yokha imene inali yotsegula, ya masitepe ambiri ndi mawindo akuluakulu. Njinga ya Abambo sikanakwera masitepewo, ndiye anawasiya m'galimoto.

"Adalaiva, muwapatse tiyi Abambo, kenaka mutipeze," anakuwa mlamu wake, atagwira mutu ndi manja onse awiri.

Pafupi ndi pamene anaimika panali lole ya nsomba, mwini wake akulimbana ndi zingwe za tenti. Ataona minibasiyo anabwera pawindo, madzi akuchucha pachipewa.

"Achemwali, ngati mukubwerera lero, nyamukani pompano. Apolisi ali kale pamlatho. Akangotseka, ndiye mpaka mtsinje uphwe, ndipo mtsinje umenewu suphwa msanga."

Adalaiva anathokoza, natseka windo. Anathira tiyi wa mufulasiki, nagwirizira kapu pakamwa pa Abambo, kumbali imene inkagwirabe ntchito. Mkuluyo anamwa pang'ono, kenaka anakankha kapuyo ndi dzanja lake labwino. Mawu awo ankatuluka movutikira, ngati akuwakoka ndi chingwe.

"Mwananga. Akufuna akuuzeni lero."

"Andiuze chiyani, Bambo?"

"Za mtsikanayo. Si msuweni."

"Ndikudziwa."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, diso limodzi likulengeza misozi monga linkachitira nthawi zonse.

"Anapangana pabalaza panga, ine ndili pomwepo. Amandiyesa kabati. Akuti kuno n'kutali, pagulu simungakuwe, simungaswe mbale. Mulira pang'ono, kenaka mutibweza kunyumba."

"Ananena ndani kuti ndiwabweza?"

"Mkazi wanga. Akuti Adalaiva ndi wofatsa, sangatisiye."

Zoti anamubisira mkazi wina, anali atazimeza kale. Koma izi zinali zina. Ulendo wonsewu, mafuta ake, nkhuku imene anadzuka m'mamawa kukazinga, zonse zinali zoti akamuphere kutali ndi kwawo, iye mwini atanyamula mpeni wake. Anapukuta Abambo pakamwa, nawafunditsa bulangete m'miyendo.

"Ndikubwera, Bambo."

M'lesitilantimo munkanunkha mafuta okazingira ndi zovala zonyowa. Pansi anali atayalapo zidebe zolandira madzi odontha kudenga. Abale aja anakhala patebulo la pakona, ndipo anamusiyira mpando woyang'ana kukhoma.

"Khalani pansi, mwananga," anatero apongozi aakazi ndi mawu ofewa omwe Adalaiva anali asanawamvepo. "Pali timawu."

Anakhala. Anawalola alankhule zonse. Apongoziwo anazungulira kutali: kuti iye ndi mkazi wabwino, kuti palibe akumuthamangitsa, kuti nyumba yopanda phokoso la mwana imazizira, kuti mtsikanayu ndi waulemu ndipo adzamutenga ngati mkulu wake. Mlamu wake ankavomerezera ndi mutu wake wosapesawo. Mtsikanayo ankangoyang'ana m'mbale ya chipisi.

"Inu simunena kanthu?" Adalaiva anafunsa mwamuna wake.

Mwamunayo anazunguza kabotolo ka mchere patebulo. "Amayi anena kale."

"Ndimafuna ndimve pakamwa panu."

"Zinangochitika, akazi anga. Tisapange phokoso pano, pali anthu."

Adalaiva anayang'ana uku ndi uku. Munalibe aliyense kupatula woperekera zakudya amene ankakolopa pakhomo.

"Ndamva," anatero, akudzuka. "Mafunde akufika pamene ndaimika galimoto. Ndikaisunthe kaye."

Asanafike pakhomo anamva apongozi ake akunong'ona, kunong'ona kwa munthu wogontha pang'ono kumene kumamveka nyumba yonse: "Ndinakuuzani ine. Ndi munthu womvetsa."

Panja mvula inali itayamba kugwa chopingasa. Anatsegula chitseko cha kumbuyo. Chikwama cha mtsikanayo anachinyamula n'kukachiika pakhonde la lesitilanti, pouma, chifukwa mwana wa m'mimbayo analibe naye mlandu. Zikwama za enawo, momwe munali zovala zosinthira ndi matawulo, anazitsitsa chimodzichimodzi n'kuzindandalika m'ngalande, mmene madzi ankathamanga ngati kamtsinje. Cha mwamuna wake anachitsegula zipi kaye. Dengu la zakudya analisiya m'galimoto.

Analowa, natseka chitseko, madzi akutsika m'tsitsi.

"Bambo, ine ndikupita. Ndikukwezeni masitepewo mukakhale ndi ana anu?"

"Mankhwala anga ali kuti?"

"Ali m'chikwama changa, monga mwa masiku onse."

"Ndiye lizani galimoto."

Sanathawe mobisala. Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka pansi pa windo lalikulu lija, naimba hutala katatu, momwe amaitanira ana ochedwa kuvala yunifomu. Nkhope zinayi zinatembenuka. Anadikira mpaka ataona kuti mwamuna wake wamvetsa, mpaka pakamwa pake patatseguka. Pamenepo ndi pamene anaponda mafuta.

Pakalilole anamuona akutsika masitepe awiriawiri, akuthamanga pakati pa msewu, manja m'mwamba. Funde lalikulu linamenya khoma la gombe, linakwera ngati nyumba, n'kumugwera pamutu. Madzi atabwerera, mwamunayo anali atakhala pansi pamsewu, miyendo tambasu, nsapato imodzi ikuyandama kulowera kwina. Adalaiva anadikira kuti amve chisoni. Sichinabwere. Chimene chinabwera ndi kukoma kwina kozizira, ngati madzi a m'firiji pakhosi louma. Pambali pake Abambo ankatulutsa kaphokoso kachilendo, mapewa akugwedezeka, ndipo zinamutengera kanthawi kuti azindikire kuti akuseka.

Pamlatho anapeza wapolisi wa jasi lachikasu akukoka chitsulo chotsekera msewu. Lole ya nsomba ija inali kale pakati, madzi akuthovoka m'matayala. Adalaiva anatsitsa windo.

"Bwana, ndili ndi wodwala."

Wapolisiyo anasuzumira, naona mkulu wopindika pakamwa atafunda bulangete. "Muli angati?"

"Awiri basi."

"Tsatirani loleyo, musaime pakati. Ndinu omaliza."

Anawoloka madzi akumenya pansi pa galimoto, chiwongolero chikunjenjemera m'manja. Atakwera chitunda cha kutsidya anapatukira pambali, nazimitsa injini. Foni inali ikulira kosalekeza. Anaisiya ilire, natsegula dengu, nang'amba nkhuku ija, kuwanyenyera Abambo tizidutswa tofewa. Iye anadya ntchafu zonse ziwiri, zimene masiku onse zinkapita m'mbale ya mwamuna wake. Atapukuta m'manja anayankha foniyo.

"Wapenga kodi?" Mwamunayo anali asanamutchulepo kuti iwe. "Bwerera pompano! Amayi akunjenjemera, zovala zonse zanyowa!"

"Mlatho atseka."

"Ndiye tigona kuti? Tibwera bwanji?"

"Funsani Amayi. Ndi amene amakonza maulendo."

Anadula, nazimitsiratu foniyo.

Mtsinje sunaphwe msanga. Anthu aja anagona pamabenchi a holo ya sukulu pamodzi ndi ena amene namondwe anawasasulira madenga, atafunda makatoni, ndipo anabwerera pakati pa sabata pamwamba pa lole, akununkha nsomba. Masiku onsewo Adalaiva anawasamala Abambo kunyumba kwake, kuwasambitsa ndi kuwameta ndevu. Loko wa pageti anasintha. Zovala za mwamuna wake anazilongedza m'matumba akuda a zinyalala n'kuziika panja.

Anabwera onse pamodzi kudzatenga mkuluyo, kupatula mtsikana uja. Adalaiva anawakankhira Abambo panjinga mpaka pageti, nawapereka kwa mlamu wake pamodzi ndi mankhwala, akufotokoza a m'mawa ndi a madzulo. Mlamuyo anayamba kukuwa kuti msewu wonse umve, koma apongozi aakazi anamuletsa ndi dzanja. Anali atasasa mawu ndi chimfine.

"Mukanatipha, mwananga. Sindinkadziwa kuti muli ndi mtima wotere."

"Nanenso sindinkadziwa, Amayi."

Mwamuna wake anaima kumbuyo, atanyamula thumba lakuda dzanja lililonse. Anafunsa ngati angalowe akambirane ngati anthu akuluakulu. Adalaiva anamuuza kuti zokambirana akazimva kukhoti. Abambo anakweza dzanja lawo labwino pang'ono pamene ankawatembenuza, ndipo zimenezo zokha ndi zimene zinamulasa mumtima. Anakhoma geti, natenga ndowa ndi tsache, n'kuyamba kuchotsa mchenga umene unali udakali m'kati mwa minibasi.