Mswachi M'thumba la Jekete

Loko anamugula Lachitatu pochokera kuntchito. Anasankha wamkulu, wa makiyi atatu, ndipo anamubisa pansi m'chikwama kuti bambo ake asamuone. Ku fakitale ya sopo komwe mayiyu ankayang'anira anthu osesa, aliyense ankamutchula Kapitawo. Dzinali linamutsatira mpaka kunyumba, poti analidi munthu wosafuna kuti ngakhale supuni isunthe iye osadziwa. Tsono m'nyumba mwakemo zinthu zinali zitayamba kumera miyendo.

Koyamba kusowa kanali kambale koikapo kapu. Kenako pilokesi yoyera, kenakonso maginito omata pachitseko cha firiji. Ana ake anakanitsitsa, mpaka wina analira. Ndiye tsiku lina, akufuna kuchapa jekete ya bambo ake, anapisa m'thumba n'kutulutsamo maginito aja pamodzi ndi mswachi wakutha, wakuda bii. Anabwezera zonse m'thumbamo n'kukhala pansi pomwepo.

Bambo akewo anakonza makina osokera kwa zaka makumi anayi. Akazi awo atamwalira, manja nawonso atayamba kunjenjemera, Kapitawo anakawatenga kuti azikhala nawo. Bokosi lawo la zipangizo analikweza pamwamba pa wodulopu.

"Mwagwira ntchito mokwana, Bambo. Pumulani."

Anapumadi. Chaka chonse anangokhala pampando wa pawindo, kuwerenga magalimoto odutsa, chakudya akungochinyomola. Koma miyezi iwiri yapitayo zinthu zinasintha. Iye akangotuluka m'mawa, iwonso ankavala jekete n'kutuluka. Akawafunsa, ankangoti akukawongola miyendo. Miyendo yanji yowongola maola anayi? Chinamudya mutu kwambiri chinali malaya awo akale a buluu. Kolala yake yothethekayo wina anali ataitembenuza n'kuisoka bwinobwino, ndipo wosokayo sanali wa m'nyumba muno.

Kapitawo anaona kuti nkhani zake zinalipo ziwiri. Mwina mutu wa bambo ake wayamba kusokonekera, kapena pali mzimayi wina amene akuwanyengerera. Zonse ziwiri mankhwala ake anali amodzi: loko pageti.

Asanamukhome, anadutsira kwa mnansi wake, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anamupeza akuanika zovala kuseri.

"Anesi, mulibe timankhwala toti munthu wamkulu azikhazikika pakhomo? Toti azigonako masana."

Namwino anaika pansi beseni. "Toti mupatse bambo? Adwala chiyani?"

Kapitawo anafotokoza zonse, za kambale, za mswachi, za kolala, mpaka anatulutsa loko uja.

"Ndikufunseni kaye," anatero namwino. "Akatuluka, amasochera?"

"Ayi. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro amakhala afika."

"Mayina a adzukulu awo amaiwala? Amafunsa chinthu chimodzi kangapo? Amavala zosemphana?"

"Ayi ndithu. Masiku ano akuchita kupukuta nsapato."

"Nanga kudya?"

Kapitawo anaganiza pang'ono. "Akumamaliza mbale. Dzulo anapempha kuti awonjezeredwe."

"Ndiye inu mwaona matenda pamenepa?" Namwino anaseka pang'ono. "Matenda oiwalaiwala alipodi, Akapitawo, ndipo si ufiti kapena misala. Tikaona munthu akusochera panjira yomwe akuidziwa, timapita naye kuchipatala msanga. Koma mankhwala ogonetsa sitipereka pofuna kuti munthu asatisowetse mtendere. Ndipo wamkulu ukamutsekera, miyendo imafooka, mtima nawo umafooka. Munayamba mwawafunsa bwinobwino, mutakhala nawo pansi?"

"Amabisa."

"Kapena amakuopani," anatero namwino, akutola beseni lake.

Mawuwo anamulasa, koma kukayika sikunamuchoke. M'mawa mwake anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, anatuluka ngati wapita kuntchito, n'kukabisala kuseri kwa golosale. Posakhalitsa bambo ake anadutsa, jekete pathupi, akuyenda ngati munthu amene akudikiridwa. Anawatsatira chapatali. Anaima pamsewu waukulu mpaka magalimoto atatha, anawoloka, n'kukhotera kumzere wa timashopu. Analowa m'kachipinda ka telala.

Kapitawo anasuzumira pawindo. Telalayo anali mzimayi wa msinkhu wake, tepi yoyezera ili m'khosi, ndipo analandira bambo aja ndi manja awiri n'kuwakokera mpando. "Ndi ameneyu," anatero Kapitawo mumtima.

Kenako anaona zomwe zinamudetsa nkhawa kwambiri. Telala anayamba kupalasa makina opanda nsalu. Bambo ake anatenga sikuludiraiva, nsonga anaigunditsa pamakinawo, chogwirira anachiika pakhutu, n'kutsinzina. Munthu wabwinobwino angamvere makina ngati wailesi? Anagwira loko uja m'chikwama.

"Imani," anatero bambo aja. "Singano ilibe mlandu. Pansi pa mano okokera nsalu padzaza zinyalala za ulusi, ndipo kasikuluwu ka bobini ya ulusi wapansi kamasuka. Yalani nsalu yathu ija."

Telala anayala pilokesi yoyera pansi pa makina. Kasikuluwu kalikonse akakamasula ankakaika m'kambale kaja. Kena kanapulumuka n'kugwera pansi, ndipo anakatola ndi maginito a pafiriji. Bambo aja anapisa m'thumba n'kupatsa telala mswachi, iye n'kuyamba kukwecha nawo m'kati. Manja anali a telala, koma makutu ndi nzeru zinali za nkhalamba. Pabenchi panali anthu ena awiri, aliyense atafukata mutu wa makina, akudikira nthawi yawo. Atapalasanso, makinawo analira mosalala.

Kapitawo analowa.

"Amisiri, awa ndi ndani?" anafunsa telala.

"Ndi mwana wanga. Wabwera kudzagwira mbala ya pilokesi."

Anthu a pabenchi anaseka, koma Kapitawo sanaseke. "Bambo, bwanji simunandiuze?"

"Ukanandilola, mwanawe?"



"Ndinkadutsa pano tsiku lina, ndinamva makina akulira molakwika, ndinalephera kupitirira," anatero bambowo. "Bokosi langa ndimaliona m'mawa uliwonse pamwamba pa wodulopu. Ndikudziwa kuti unalikweza chifukwa chondikonda. Koma pawindo paja ndinkangodikira tsiku langa." Anakweza manja awo onjenjemera n'kuwayang'ana. "Awa ndinadana nawo chaka chonse. Tsopano tinagwirizana. Iwo apume, makutu agwire ntchito. Zimene zili m'mutu muno sindifuna kupita nazo kumanda."

"Ine makina akawonongeka ndinkatseka shopu sabata yathunthu," anatero telala. "Pano zambiri ndikukonza ndekha. Ndinafuna kuwathokoza, anakana chilichonse, ndiye ndinangowasokerako kolala."

Manyazi anamugwira Kapitawo, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo. Miyezi iwiri yonse anawerenga timbale ndi mapilokesi, koma sanaone kuti bambo ake ayambanso kuseka. Anagwada pambali pa mpando wawo.

"Pepani, Bambo. Ndinagula loko woti ndikutsekereni."

Bambowo anamulandira lokoyo, anamutembenuza, n'kuyesa kiyi. "Ndi wolimba. Wasankha bwino. Bokosi langa lija ndi limene lilibe loko."

Madzulo omwewo anakhala pansi n'kugwirizana. Bambo azinena komwe akupita ndi nthawi yobwerera, aziyenda ndi kapepala ka nambala ya foni m'thumba, ndipo pilokesi azichita kupempha. Sabata yotsatira anapita limodzi kuchipatala. Namwino uja anawayeza magazi, anawatumiza kwa dokotala kuti aone za manja, ndipo anawauza kuti asasiye kuyenda ndi kucheza ndi anthu.

Bokosi linatsika pawodulopu n'kukakhala kushopu ya telala, loko uja ali lende. Kiyi wina anatenga bambo, wina telala. Wachitatu bambowo anamuika m'manja mwa mwana wawo.

"Kapitawo sakhala wopanda kiyi," anatero.

Kukalamba si kutha ntchito. Okalamba athu amafunika chakudya, pogona ndi chipatala, koma amafunikanso chowadzutsa m'mawa ndi anthu owafuna. Mukaona zachilendo pa iwo, musathamangire kuwatsekera kapena kuwamwetsa mankhwala. Khalani nawo pansi, afunseni mwaulemu, mverani yankho lawo, ndipo ngati mukukayika za thanzi lawo, pitani nawo kuchipatala. Tiwasamale makolo athu popanda kuwalanda moyo umene adakali nawo.