Fomu ya Diso la Kabatani

Fomuyo inali ya tsamba limodzi, ndipo kumunsi kwake kunali mizere iwiri, wa bambo ndi wa mayi. Kalaliki wa kuchipatala cha maso anaiika pa kauntala n'kuloza mizereyo ndi bolopeni.

"Akasaina mmodzi basi zatheka. Ndinu mayi ake a mwanayu?"

"Mayi ake aakulu."

"Ndiye ayi. Abwere mng'ono wanuyo."

"Anamwalira."

"Pepani. Nanga bambo?"

"Ali kundende."

"Pepaninso. Analakwanji?"

"Ndi amene anapha mng'ono wangayo."

Kalaliki anayang'ana bolopeni yake ngati kuti ndi imene yafunsa funsolo. Kenako anasuzumira pansi pa kauntala, pamene panaima kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakuwerenga chikwangwani cha pakhoma ndi diso limodzi, mutu katapendeketsa ngati nkhuku. Anthu ankangokatchula Kabatani chifukwa cha kuchepa. Diso lake lakumanzere linali ndi ng'ala, ndipo madokotala odziwa kuchotsa ng'ala ya ana anabwera kwa sabata imodzi yokha. Lachisanu anali kuchoka. Mmodzi wa iwo anali atanena kale kuti akadikiranso chaka china, disolo lidzaiwaliratu kuona, ngakhale atalitsuka bwanji.

"Kalata ya kukhoti yoti mwanayu ali m'manja mwanu muli nayo?"

"Akuti ituluka mlandu ukatha."

"Ndiye ndi bambo basi," anatero kalaliki motsitsa mawu. "Lamulo silinena kuti bambo wabwino, amayi. Limangoti bambo."

Anatsegula kabati, n'kutulutsa kapulasitiki, n'kulowetsamo fomu ija kuti isanyowe ndi thukuta panjira. Palibe amene anamuuza kutero, ndipo mayi aja anachiona.

Kubekale kumene ankagwira ntchito yokanda ufa ankawatchula a Chete, chifukwa mawu awo a tsiku lonse akanakwana m'kabokosi ka machesi. Mnzawo wa pa uvuni ankatchedwa Wayilesi, pa chifukwa chosiyana ndi chimenecho. A Chete atamupempha kuti awagwirire ntchito ya Lachitatu, tsiku loona akaidi kundende, Wayilesi anaponya thireyi patebulo.

"Kukamuona ameneyo? Asisi, mwapenga? Ndikanakhala ine ndikanasaina ndekha kuseri kwa uvuni kuno. Angadziwe ndani?"

"Mulungu."

"Mulungu ali ndi nthawi yoyang'ana mafomu? Chabwino, pitani, ndikanda ndine. Koma mukakam'peza mukam'lavulire malovu, mukati achokera kwa ine. Valaninso nsapato zangazi, zanuzo zikukumwetsani madzi."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachitatu m'mawa a Chete anasiya Kabatani pageti la sukulu n'kukwera basi, fomu ili pachifuwa, nsapato za Wayilesi zikuwathina pang'ono chakumapeto. M'basimo anapemphera pemphero lalifupi, lomwe analibwereza mpaka kutsika: Ambuye, gwirani pakamwa panga.

Mlamu wawoyo anali wolemba zikwangwani. Theka la masitolo a mumsewu wawo linali ndi zilembo zake. Miyezi isanu m'mbuyomo, Lolemba masana mwana ali kusukulu, anamenya mkazi wake m'khitchini ndi chitsulo chimene ankaimikira makwerero, kenako anasamba m'manja n'kupita kukamaliza chikwangwani cha malo ometera tsitsi. Apolisi anam'peza ali pamwamba pa makwerero. Akuti anawapempha kuti amudikire amalize chilembo.

A Chete sankakonda kuganiza za tsiku limenelo, koma chimene chinkawadya kwambiri chinali china. Zaka zitatu imfayo isanachitike analandira kalata yochokera kwa mng'ono wawo. Inali ya mizere inayi. Inkati: Achemwali, musamabwerenso kwathu, mukundisokonezera banja, ndikakufunani ndidzakuitanani. Pansi pake panali dzina la mng'ono wawo, ndi kamchira kopindika kamene ankakoka kumapeto kuyambira ali kusukulu. A Chete anamvera. Anamvera mokwiya, monga mmene amamverera anthu achete, ndipo sanapondeko kwa zaka zitatu. Ataitanidwa, anawaitana ndi apolisi.

Pageti la ndende panali mzere wa anthu onyamula zikwama ndi mabeseni. Msilikali wamkazi wonenepa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, ankasecha aliyense mosafulumira. Atafika pa a Chete anadabwa.

"Inu simunam'tengere kanthu m'bale wanu?"

"Si m'bale wanga."

Msilikali anawerenga fomu, anawerenga dzina la mkaidi pa kapepala ka pageti, kenako anayang'ana a Chete pamwamba pa magalasi. Zinkaoneka kuti mlanduwo ankaudziwa.

"Bolopeni yanu itsale pano, ndi lamulo. Mugwiritsa ntchito yanga. Tiyeni, ndikuperekezani ndekha."

Chipinda choonera akaidi chinali ndi tebulo lalitali logawidwa pakati ndi waya wa sefa, ndipo pansi pa wayayo panali kampata kolowetsera pepala. Munkanunkha sopo wochapira ndi anthu. Mlamu analowa atametedwa mpala, ataonda m'khosi. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni, zala zake zinalibe penti.

"Alamu!" anafuula ngati akumana pa depoti ya basi. "Koma ndiye mwasowa. Kunyumba kuli bwanji?"

A Chete analowetsa fomu pa kampata kaja.

"Diso la mwana. Musaine apo."

Mlamu anaikweza m'mwamba, n'kuiyang'ana motalikitsa dzanja.

"Amene anapanga fomu iyi sadziwa ntchito. Taonani mmene zapanikizikirana zilembozi. Akanandifunsa ine." Anaiwerenga yonse, mpaka timawu ta kumunsi. "Amandifunsa mwanayo?"

"Amafunsa ngati zidzapweteke."

"Basi?"

"Basi."

Anaika fomu patebulo n'kuisanjika chikhatho. Msilikali anali atam'patsa kale bolopeni, koma iye ankangoizunguza pakati pa zala.

"Alamu, ine ndi inu sitinayambanepo. Mng'ono wanu mumam'dziwa bwino kuposa ine. Pakamwa pake paja. Munthu umabwera utatopa, dzuwa lakuotcha tsiku lonse pamakwerero, iye n'kuyamba. Mukudziwa inu."

"Madokotala akuchoka Lachisanu."

"Ndamva zimenezo. Ine ndikungofuna munthu mmodzi wa kwawo anene zoona. Ingonenani kuti anali wovuta. Mawu awiri okha, ine ndisaina pompano. Si inu nomwe anakuthamangitsani pakhomo?"

A Chete anayang'ana chikhatho chili pa fomucho. Mawu awiri sanali ambiri. Anawayeza m'kamwa, anaona kuti akhoza kutuluka, ndipo diso la mwana likhoza kutseguka nawo. Anaonanso kuti akawatulutsa adzawamva m'khutu mwawo mpaka tsiku lawo lomaliza. Anabwereza pemphero lawo la m'basi lija, ngakhale tsopano sankadziwa ngati akupempha kuti pakamwa patsekeke kapena patseguke.

Msilikali anayang'ana wotchi yake n'kuyasamula.

"Kwatsala mphindi zitatu. Amayi, musadzivute, ambiri muno sadziwa kulemba koma amachita manyazi kunena. Amayamba nkhani zambirimbiri ngati zimenezi. Dikirani ndikatenge inki, angodinda chala."

"Ndani sadziwa kulemba?" anatero mlamu.

"Palibe chochititsa manyazi, bambo. Chala chachikulu chakumanja."

"Madamu, mukudziwa amene mukulankhula naye? Chikwangwani cha sitolo ya nsalu pafupi ndi depoti munachionapo? Chija cha zilembo zagolide?"

"Sindiyang'ana m'mwamba ndikamayenda."

Mlamu anakoka fomu, anaiwongola, anapukuta chala pa malaya. Anasaina pa mzere wa bambo pang'onopang'ono, zilembo zoima bwino ngati zapakhoma la banki. Ndipo dzanja lisanapume linatsikira pa mzere wachiwiri, linasintha kapendekedwe, n'kulemba dzina la mkazi wake. Kumapeto linakoka kamchira kopindika.

Onse atatu anakhala akuyang'ana pepalalo.

"Aa, chizolowezi," anatero mlamu, akuseka pang'ono. "Ndinkamusainira ndine zonse. Dzanja lake linali lochedwa."

A Chete sanachotse maso pa dzinalo. Kamchirako ankakadziwa. Anakhala nako m'sutikesi zaka zitatu ndi miyezi isanu.

"Kalata ija," anatero.

"Iti? Ndinalemba zambiri."

Fomu inabwerera pa kampata. A Chete anaigwira ndi manja awiri, ndipo manjawo ankafuna kuing'amba pakati, kenako pakatinso, mpaka dzina lija litachoka m'zilembo za munthu ameneyu. Pepala linayamba kupindika. Msilikali analigwira pakona n'kulisolola mofatsa, monga mmene umalandirira mpeni kwa mwana.

"Nthawi yatha," anauza mlamu. "Bolopeni yanga."

"Mum'patse moni Kabatani, alamu. Mumuuze kuti adadi asaina bwinobwino."

Atam'tulutsa, msilikali anakhala pa benchi, anatembenuza fomu, n'kulemba kumbuyo kwake ndi zilembo zazikulu zokhotakhota: Bambo wa mwana wasaina pamaso panga. Mzere wachiwiri walembanso ndi iye yemweyo, mayi anamwalira. Anaika dzina lake ndi nambala yake ya ntchito, anapita nayo ku ofesi, n'kubwera nayo ili ndi chidindo.

"Kaya akailandira, kaya akaikana, sindikudziwa. Tsiku lina loona akaidi ndi Lachitatu likubwerali, ndiye yesetsani ikagwire ntchito yomweyi." Anawapatsa madzi m'kapu yake ya pulasitiki. "Imwani kaye. Kulira mukalilire m'basi, kuno akuonani."

Sanalire m'basi. Anakhala pafupi ndi zenera akuganiza za mng'ono wawo ali m'khitchini muja zaka zitatu, akudikira mkulu wake amene anangosiya kubwera popanda chifukwa. Mwina nayenso analandira kalata. Anafuna kupemphera koma mawu sanabwere, ndiye anangogwira fomu kuti isapindike.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, kalaliki akutsekera mafaelo m'kabati. Anatulutsa fomu m'kapulasitiki, anayang'ana mzere woyamba n'kugwedeza mutu movomereza. Atafika pa wachiwiri anaima.

"Amayi, Lolemba munandiuza kuti mng'ono wanu anamwalira."

"Anamwalira."

"Ndiye wasaina bwanji?"

"Tembenuzani."

Anatembenuza, anawerenga, anabwerezanso. Anakanda m'mutu ndi bolopeni.

"Mukanangokhala chete Lolemba lija ndikanaiponya m'faelo, ndikanati makolo onse awiri avomera. Koma ndawerenga, ndiye ndawerenga. Fomu imene wasaina womwalira sindinaionepo chiyambireni ntchito. Sindikudziwa ngati ili yololedwa kapena yoletsedwa. Khalani apo."

Analowa nayo m'kati. A Chete anakhala pa benchi moyang'anizana ndi chikwangwani cha zilembo zoyezera maso, zazikulu pamwamba, zing'onozing'ono pansi. Wokolopa anafika, anakolopa mozungulira mapazi awo osawauza kuti anyamuke. Panadutsa nesi ndi thireyi. Panadutsa bambo wina womangidwa bandeji maso onse awiri, akutsogoleredwa ndi mkazi wake amene ankamuuza kuti, "Sitepe, sitepe ina, basi zatha." Wotchi ya pakhoma inayenda mphindi makumi anayi.

Kalaliki anatuluka ndi dokotala wamkulu, mayi wamfupi wovala nsapato za mphira zoyera. Dokotala anafunsa funso limodzi lokha.

"Mwanayu amagona kwa ndani?"

"Kwa ine."

Dokotala anapempha lula, anaika pa mzere wachiwiri, n'kudula dzina lija ndi mizere iwiri yowongoka. Pambali pake analemba kuti malemu, n'kusaina. Kalaliki anadinda chidindo mwamphamvu mpaka kauntala inalira.

"Mawa seveni koloko. Asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, ngakhale atalira."

Kabatani sanalire. Lachinayi m'mawa anamuveka chovala chobiriwira chimene chinam'fika m'mapazi, nesi anam'jambula kamtanda pamwamba pa diso lakumanzere kuti asasokoneze, ndipo anam'kankha pa bedi la matayala iye akufunsa ngati angakwerenso pobwerera. A Chete anatsala pakhonde atanyamula tinsapato take. Apa mawu a pemphero anabwera, ambiri ndithu, moti Wayilesi akanawamva akanadabwa.

Bandeji anaichotsa Lachisanu m'mawa, madokotala akulongedza kale zipangizo zawo m'mabokosi. Diso linali lofiira, likutuluka misozi. Nesi anatseka diso labwino ndi chikhatho chake.

"Tayang'ana amayi ako aakulu. Ukuona chiyani?"

Kabatani anaphethira kangapo. Anayamba kupendeketsa mutu monga mwa masiku onse, kenako anauwongola. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Muli ndi ufa m'tsitsi," anatero.

A Chete anadzigwira kumutu, n'kuyang'ana zala zawo.

"Si ufa, mwanangu. Ndi imvi zimenezo."