Mlandu wa Belu

Ndinafika kutada. Basi inanditula pageti, nsapato zanga za m'tauni n'kumira m'matope. Ntchito yanga ndi yotero. Lero sukulu iyi, mawa ina. Ndimalangiza ana amene anaona zoopsa.

A Matironi sanandipatse ndi mpando womwe.

"Alangizi, mwana wathu ali kunsi kwa bedi. Mawa mayeso. Ndipo mayeso amayamba ndi belu."

Chaka chatha hositelo inapsa belu likulira. Mtsikanayu anatulukira pawindo. Chiyambire, belu likangolira, iye kunsi kwa bedi. Anzake anamutcha Mbewa.

Ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa bediko. Ndinangoona maso.

"Belu likalira, mutu wako umati chiyani?"

"Umati moto."

"Tiye tikauzenge mlandu mutuwo. Utionetse umboni."

Bwalo linakhala m'khitchini. A Matironi woweruza, a Khukhi mboni.

"A Khukhi, belu likalira kumabwera chiyani?" ndinafunsa.

"Ana anjala, bwana. Tsiku ndi tsiku. Bola moto umazimitsika."

Mbewa anabisa kamwa.

Tinayamba ndi maphokoso aang'ono. Supuni pakapu. Anapuma mozama monga ndinamuuzira. Chikombe papoto. Sanathawe. Kenako ndowa.

"Mantha afika pati?"

"M'mawondo."

"Asiye. Atsika okha."

Tinadikira. Anatsika.

"Belu lenileni tisaliyambe dala lero," ndinatero.

"Ayi. Ndiliyimba ndekha."

Belu lake ndi chitsulo cha gudumu la lole, chopachika pamtengo. Anatsinzina. Anamenya. Ngweee!

Zitseko zinatseguka. Sukulu yonse panja, aliyense mbale kumanja. Akuti mgonero wachiwiri. Pambuyo pawo Ahedi, jombo imodzi, ndowa yamadzi pamutu.

"Moto uli kuti? Moto uli kuti?"

Mbewa anawayang'ana, chitsulo chikadali m'manja.

"Ahedi, umboni muli nawo?"

"Iwe mwana iwe!"

"Pumani mozama. Atsika okha."

Ndinadzuka m'mamawa. A Matironi anati apitiriza naye, poti mantha otere satha usiku umodzi. A Khukhi anandimana buledi. Ati ana anamaliza yense dzulo chifukwa cha mankhwala angawo.

Ndili pageti, belu linalira. Mbewa anaima pakati pa bwalo. Anayang'ana denga la hositelo. Utsi panalibe. Anafinya cholembera chake n'kulowa m'holo.

Ahedi anatulukira kuseri kwa ofesi, ndowa kumanja. Atandiona anayamba kuthirira maluwa.

Basi inaimba hutala. Ndinakwera ndi njala.