Babu la Pansi pa Mpando

A Hassani a ku Nselema ankagulitsa nsomba zouma za ku nyanja ya Chiuta, ndipo ankazinyamula pa galimoto yakuda yakalekale imene anagula kwa mzungu wa thonje. Dalaivala wawo Sadiki atamwalira mu 1952, galimotoyo inayamba khalidwe lachilendo. Madzulo inkaima ili bwinobwino, koma kukacha batire lafa. Anagula lina latsopano, nalonso silinathe masiku awiri.

Atasowa pogwira anaitanitsa a Blasius, makaniko wa ku Balaka, munthu wosalankhulalankhula. Anafika pa njinga dzuwa lili paliwombo, atamangirira kumbuyo batire lotchaja kale.

A Blasius anaika batirelo, anazimitsa chilichonse, kiyi n'kuponya m'thumba. Kenako anamasula waya umodzi wa pa batire n'kulumikiza kababu koyesera pakati pake. Kababuko kanayaka mofiira ngati khala. Anauza a Hassani kuti ndiye kuti pali chinachake chimene chikuyamwa moto ngakhale injini ili chete.

Anazula fyuzi ya nyali, kababu osazima. Anazula ya hutala, anamasulanso dayinamo, koma kanangoyakabe. Atalowa kunsi kwa galimoto chagada, anaona waya wina wowonda, wokulungidwa ndi nsanza, wosafanana ndi anzake. Anautsatira ndi chala mpaka unakalowa pansi pa mpando wakumbuyo.

Atatukula mpandowo anapeza chitini cha tiyi chobooledwa timabowo tambirimbiri, m'kati mwake muli babu. Chitinicho chinali chofunda ngati m'khwapa mwa munthu. Koma babulo linali litada bii, kawaya ka m'kati mwake kataduka kale. A Blasius ankadziwa kuti babu lakupsa silidya moto. Anaunguza waya wonse kuti mwina wasupuka penapake n'kukhudza chitsulo, koma panalibe ndi pamodzi pomwe.

Anatenga pulayara n'kuudula. Kababu koyesera kanazima. Nthawi yomweyo masipuling'i akumbuyo analira, galimoto n'kugwedezeka ngati munthu wadzambatuka pampando. Nkhuku zimene zinkausa kunsi kwake zinabalalika. Kunalibe mphepo, ndipo mwa amuna awiriwo panalibe amene anaitsamira galimotoyo.

Kenaka a Hassani anapita okha kukaitana a Lukiya, mkazi wa malemu Sadiki, amene ankakhala kuseri kwa mzikiti.

A Lukiya atangoona chitinicho anakhala pansi. Anafotokoza kuti chibwerere ku nkhondo ya ku Bama, amuna awo sankaupirira mdima. Akakhala pa ulendo ankagona m'galimoto momwemo, ndipo kanyaliko anakapanga okha, mobisa, poopa kuti anzawo angawaseke kuti msilikali wathunthu akuopa mdima.

"Tsiku lomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, usazimitse nyali," anatero a Lukiya, maso ali pa waya wodukayo. "Ine ndinkayesa akunena ya m'nyumba."

A Blasius anayamba kulongedza masipanala. Anati ntchito yawo yatha, batire silidzafanso. A Hassani anapukusa mutu.

"Iyayi, bambo. Muli ndi babu lina lamoyo?"

A Blasius anatulutsa limodzi m'chikwama, analiika m'chitinimo, n'kulumikizanso waya. Kuwala kutatuluka m'timabowo muja, masipuling'i analiranso pang'onopang'ono, galimoto n'kutsikira kumbuyo, kenako zii.

Kuyambira tsikulo a Hassani batire likafa ankailiza galimotoyo popukusa hendulo ndi manja m'mawa uliwonse, osadandaula, ndipo mitanga ya nsomba ankaimanga padenga, mpando wakumbuyo uli wopanda kanthu. Tsikulo anafuna kuperekeza a Blasius pa galimotoyo mpaka ku Liwonde. A Blasius anathokoza mwaulemu, n'kukwera njinga yawo.