Mfungulo ya a Germano

Kampani ya malasha itasamutsa mudzi, inasamutsa ndi akufa omwe. Mafupa anakwera lole, ndipo kumanda atsopano aliyense anapatsidwa kachitsulo ka nambala, basi. Dzina ayi. Kuti 112 ndi ndani, 113 ndi ndani, zinatsalira m'mutu mwa a Germano, amene anaima pa dzenje lililonse masiku ofukulawo. Koma mutu umakalamba. N'chifukwa chake bungwe la osamutsidwa linayamba kulemba maina ndi manambala m'makina, ndipo woyang'anira makinawo anali Benvinda.

Makinawo anali atatu: ena ku ofesi ya bungwe ku Moatize, ena ku Tete, ena kumtunda ku Zóbuè, m'kachipinda ka katekisita kumishoni. Ankauzana okha. Ukalemba kumodzi, zafika konse. Ukafufuta kumodzi, zafufutikanso konse, apa ndiye pamene panali minga. Polowera panali mfungulo, osati yachitsulo, koma mndandanda wa zilembo umene Benvinda ankaika m'telefoni ya munthu. Anthu wamba anali ndi yowerengera chabe. Alembi awiri anali ndi yolembera. Yaikulu, yotha kufufuta, inali ndi Benvinda ndi a Germano.

Benvinda ankadziwa bwino lomwe kuti yaikuluyo siinayenerenso kukhala ndi mkuluyo. Maso anali atachita nkhungu, chala chinkadina pamene mtima sunafune. Chaka chathunthu ankati mawa, mawa. Nanga ukayamba bwanji? Munthu amene anayambitsa bungwe, munthu amene anakunyamula paubatizo, padirinyu wako weniweni, iwe n'kumuuza kuti bweretsani mfungulo? Aliyense amene akunena kuti akanatha, akunama.

Lachiwiri lina m'Janeiro, m'mawa kutentha kale, anatsegula makina a ku ofesi kuti asindikize mndandanda. Mbee! Anatseka, natsegulanso. Mbee. Anayang'ana pamene makina amalemba yemwe walowa ndi zimene wachita: mfungulo ya a Germano, dzulo madzulo, yafufuta zonse. Anaimba telefoni.

“A padirinyu, dzulo munagwira chiyani m'telefonimo?”

“Inadzaza, mwanangu, inkakana kujambula. Ndangosesamo. Zanu zili kumakina uko, n'chifukwa sindinadandaule.”

Anayankhula mokondwa, ngati munthu amene wasesa pabwalo alendo asanafike. Benvinda sanathe kuwakalipira. Anangoti zikomo, n'kudula. Kenako anachita chimene chinamulaka chaka chonse: anatseka mfungulo yawo. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa.

Ku Tete nako kunali mbee. Kunatsala Zóbuè. Makina a kumeneko anali chete masiku asanu ndi anayi, chigwetsereni mphezi magetsi, ndipo uthenga wofufuta unali usanawapeze. Dzulo lomweli Benvinda ankanyoza magetsi a ku Zóbuè, lero ankawapempherera kuti asabwere. Pakuti makinawo akangodzuka n'kumva anzawo, adzamvera, maina onse n'kupita. Anaimbira a Gilberto, katekisita uja. Telefoni yozima, nanga akanaitchaja ndi chiyani?

Anathamangira shapa, minibasi yopita ku Zóbuè. Inu, shapa ya tsiku limenelo! Inaima pa msika kudikira kudzaza, inaima kukweza mbuzi, inaima pa mphambano ya ku Kambulatsitsi chifukwa kobradori, wotolera ndalama, ankakangana ndi mayi wa matumba a makala. Benvinda anakhala pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo, akuwerenga mitengo ya magetsi m'mbali mwa msewu. Atayamba kukwera mapiri mphepo inazizira, fumbi lakuda linatha, kunayamba minda ya chimanga ndi milu ya mbatatesi. Atatsika pa Zóbuè anamva wailesi ikulira m'baraka ina, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, firiji ikung'ung'udza. Mayo! Magetsi anali atabwera.

Nsapato anazinyamula m'manja. Anapeza a Gilberto pakhonde akusenda chinangwa, osatekeseka.

“Mwayatsa?”

“Moni kaye, mayi. Mwathawa nkhondo?”

“A katekisita, makina aja mwayatsa?”

“Ine? Kumwamba kukuchita mdima chonchi? Wailesi yanga inapsa ndi mphezi chaka chatha, sindibwerezanso. Pulagi ndimalowetsa mitambo ikachoka.”

Benvinda anakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyowa, n'kuseka, misozi ili mbwe. Kuuma khosi kwa a Gilberto, kumene bungwe lonse linkadandaula nako, ndiko kunasunga akufa a mudzi wonse.

Anazula chingwe cholumikiza makinawo ndi anzawo, kenako anayatsa. Maina anabwera, ndi zithunzi zawo: 1, 2, 50, 112, mpaka 203. Anawakopera m'tizipangizo tiwiri, kamodzi m'chikwama, kena anamanga pansonga ya nsalu. Koma manda anali 214. Mzera wotsiriza anaulemba sabata yathayi, Zóbuè ili mumdima, ndiye sunafike kuno. Ndipo mzerawo unali wa abale a a Germano. Mkuluyo anaumirira kuyamba ndi akufa a eni ake, ake n'kuwasiya pomalizira, kuti wina asadzanene kuti anadzikondera.

Mawa lake m'mawa anapita ndi a Germano kumanda. M'njira anawauza zonse, mosazungulira. Pakhomo la manda mkuluyo anavula chipewa, nawomba m'manja katatu kupempha njira, ndipo analowa.

Sabata yatha mutu wawo unali bwino, maina ankangotuluka okha. Lero ankaima nthawi yaitali pa chitsulo chilichonse. 204, bambo awo. 205, amalume. 206 anayamba atchula dzina lina, nabweza, natchula lenileni, ndipo analumbira kuti ndi lomwelo. Benvinda ankalemba papepala, osawafulumiza. Anatchula asanu ndi anayi. Panatsala timitumbira tiwiri tating'ono toyandikana, 211 ndi 212, udzu utamera pa tonse.

“Awa ndi ana,” anatero. “Wina ndi Débora wanga. Wina ndi Rosita, wa mchemwali wanga. Chikuku chinawatenga mwezi umodzi, chaka chimene tinabwerako ku Malawi.”

“Débora ndi uti, a padirinyu?”

Analoza 211. Dzanja linakhala m'mwamba, kenako linasunthira ku 212, n'kugwa. Anayang'ana Benvinda ngati kuti yankho lili pankhope pake. Iye anafufuza m'mutu mwake, anayesetsa ndithu, koma sabata yatha ankangolemba manambala ndi maina monga ankachitira ndi mazana enawo, sanasunge.

“Mwina mawa mukumbukira,” anatero.

“Usandinyengerere.” Anatulutsa telefoni m'thumba la jekete, naipereka ndi manja awiri. “Chotsamo chinthu chako chija.”

“Ndinatseka kale dzulo. Ndikuikirani yowerengera, muziona zonse monga kale.”

“Dzulo.” Anapukusa mutu. “Iwe unaona liti kuti maso anga atha?”

“Chaka chatha.”

“Nanga osandilanda bwanji?”

“Ndinkakuopani, a padirinyu. Ndinkati ndi ulemu.”

Sanamukalipire, ndipo Benvinda akanakonda akanamukalipira. Anangoti, “Lemba onse awiri pa manambala onse awiri. Ulembenso kuti bambo wake anaiwala, asadzanamizire makina.”

Benvinda analemba maina awiriwo. Mawu enawo dzanja linakana. A Germano anagwada pakati pa timitumbirato, mawondo akulira, nayamba kuzula udzu pa 211. Atamaliza anatembenukira ku 212.