Manda a Kuseri kwa Chipilala

Pamene a Stelia ankafika pamsewu, anyamata okonza msewu anali atakumba kale mozungulira chipilala, ndipo ankachimanga ndi unyolo. Anaponya mtolo wa nkhuni pansi n'kuyamba kuthamanga, kuthamanga kwake kwa munthu wamkulu, kumene mtima umafika miyendo ikadali m'mbuyo.

"Taimani kaye, ana inu. Mukupita nacho kuti?"

"Ku Boma, mayi," anayankha Davie, kapitawo wa anyamatawo. "Msewu ukukula. Kumeneko akachipaka penti, aliyense azichiona."

Kunena zoona, chipilalacho sichinali chokongola. Chinali chachifupi, cholekeza m'chiuno, ndipo mawu ake ofufutika ankangonena kuti pamalopo panali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Msasawo unatha kalekale, eni ake anabwerera kwawo. A Stelia, amene anafika ali mtsikana, anatsalira banja. Mwamuna anawatengera kumudzi kwawo kufupi ndi Lisungwi, ndipo atamwalira, iwo anangokhala pakati pa abale a eni, osathamangitsidwa komanso osawerengedwa.

Mayi awo anamwalirira mumsasamo ndipo anaikidwa kuseri kwa chipilalacho. Koma manda a alendo alibe mwini. Mitengo inathera makala, mitumbira inasalala, malowo anasanduka munda wa nandolo. A Stelia okha ndiwo anali ndi njira yawo yopezera mandawo: ankatsamira chipilala ndi msana n'kuyang'ana pampata wa mapiri awiri akumadzulo, ndipo maso ankagwera pa kachulu. Patsinde pa kachuluko ndi pamene panagona mayi awo. Chaka chilichonse, mudzi ukapita kukalambula manda ake, iwo ankabwera kuno okha ndi tsache.

Kettie, amene ankayala manachesi ake pamwamba pa chipilalacho, anali chiimire pambali ndi dengu.

"Inu a Stelia, ine andilanda tebulo koma sindikulira," anatero. "Amati mlendo ndi mame, koma mame anu ndiye adakana dzuwa, eti?"

Anthu anaseka. Kettie sananene mwankhanza, ndi pakamwa pake chabe, koma mawuwo analasa.

"Mame akauma amapita kuti, mwanawe?" anafunsa a Stelia. "Kwathu kulibenso wondidziwa. Wanga yense ali m'mundamo."

Makina anabangula, unyolo unakungika, ndipo chipilala chinazuka ngati dzino n'kukagonekedwa m'lole. Davie anali atawamva mawu aja. Anavula chipewa n'kuwayandikira.

"Kodi mukuti muli manda umu? Ife sanatiuze. Ngalande yathu idutsa momwemo mawa. Tiyeni mundionetse, ndikhomepo chikhomo, tiipatutsa."

A Stelia anathokoza ndi manja awiri n'kupita pamalo awo a nthawi zonse. Anapezapo dzenje lotakata, moti sankadziwanso kuti msana wawo unkakhala pati. Anayang'ana kumunda. Kachulu kaja panalibe; makina anali atakasalaza m'mawa womwewo, ndipo dothi lofiira linangoti see mpaka m'mizere ya nandolo. Anasunthira kumanzere, mpata wa mapiri unaloza kwina. Anasunthira kumanja, unalozanso kwina.

Davie ankadikira, nyundo ili m'manja. Anyamata ankadikira, Kettie nayenso anasiya zoseka. A Stelia anachita manyazi aakulu. Mwana wamtundu wanji wosadziwa pamene anagona mayi wake? Ndipo panalibe wina pa dziko lonse woti amufunse.

Analowa m'munda, anayenda pang'ono, n'kuloza ndi chala.

"Apa."

"Mwatsimikiza, mayi?"

"Apa, basi."

Davie anakhoma chikhomo n'kumangapo kansanza kofiira. Anasunga mawu ake: ngalande itafika pamenepo inakhota, moti oyenda pansi mpaka lero amati wokumbayo anali ataledzera.

Mvula itayandikira, mudzi unanyamula makasu kupita kumanda ake, akuchezerana njira yonse. A Stelia anatenga tsache n'kulowera kumsewu. Anazula udzu mozungulira chikhomo, anasesa, kenako anagwada. Zaka zonse ankayamba ndi kuwauza mayi awo za chimanga, za mawondo owawa, za amene wamwalira m'mudzi.

"Kaya ndinu amayi, kaya ndinu mayi a wina, ine ndabwera," anatero ulendo uno. "Ngati ndaphonya mundikhululukire. Nonsenu mulibe wina wokuseserani."

Anadzuka, anayang'ana munda wonsewo, n'kuyamba kusesa mzere wotsatira.