Kabokosi ka pachifuwa pa Sosina

Mwana wanga Sosina atakomokanso pabwalo la sukulu, apongozi anga, mayi Askale, sanafune umboni wina. Anati ndine buda, mfiti yolodza ndi diso, ndikudya mwana wanga yemwe ndi maso. Kwathu ndife oumba mbiya, ndipo kuno amati oumba onse ndi abuda, ndiye kwa iwo mlandu unali utatha kalekale. Ananena izi pa khofi, azimayi onse a mumpanda mwathu ali pompo, n'kuwonjezera kuti chikondwerero cha kutchalitchi cha Timkat chikangodutsa amutenga mwanayo apite naye kwawo ku Gondar, kutali ndi diso langa. Endale, mwamuna wangayo, anangoti zyoli ngati nkhuku yonyowa.

Zinandiwawa zedi, ndipo ndinalumbira kuti mawu amenewo adzawameza okha.

Kuchipatala cha ana, dokotala anamumata Sosina tizomata pachifuwa, timawaya tikupita ku kabokosi kolendewera m'khosi. Anati kazimvetsera mtima usana ndi usiku, koma kasanyowe. Apongozi atakaona anati n'chithumwa cha akwathu. M'mawa mwake ndinawapeza atanyamula chigubu cha madzi odalitsidwa a kutchalitchi, akufuna kumukhuthulira mwana. Ndinaima pakati. Madzi onse anathera pa ine, ndipo nditayamba kunjenjemera ndi kuzizira, iwo amvekere taonani, chiwanda chikutuluka.

Titabweza kabokosi kaja, dokotala anati mtima wa Sosina umaphonya kagundidwe akathamanga kapena akadzidzimuka. Mankhwala alipo, koma matendawa ndi akumtundu. Anafunsa ngati pali wachibale amene anafa mwadzidzidzi akadali wamng'ono. Kwathu ife timafa mano atatha m'kamwa. Anayankha ndi Endale: mng'ono wake Fikre anagwa akusewera mpira osadzukanso, ndipo mchemwali wa amayi ake anamira m'madzi olekeza m'mawondo.

Sindinapupulume ayi. Ndinadikira tsiku langa lowiritsa khofi. Ndinakazinga, ndinafukiza lubani, n'kuitana azimayi omwe aja osasiyako ndi mmodzi yemwe. Kapu yachitatu, imene pamwambo wa khofi timati ndi yamadalitso, itafika m'manja mwa apongozi, ndinafotokoza zonse mofatsa ngati ndikukamba za mvula. Ndinatchula dzina la Fikre. Ndinawakumbutsanso apongoziwo za mayi wina woumba mbiya amene iwo amanyadira kuti anamupirikitsa m'mudzi ndi miyala Fikre atamwalira.

“Amayi,” ndinatero, “budayo ali m'magazi mwanu. Ku Gondar mupita nokha.”

Khofi anatayikira pa nsalu yawo yoyera. Wina akanamva chisoni. Ine? Ndinamva kukoma mpaka kumapazi.

Dokotala anali atalamula kuti onse a mtundu wa Endale ayezedwe, choncho sabata yotsatira kabokosi komwe kaja kanali m'khosi mwa apongozi. Madzulo ake kachomata kamodzi kanamatuka kunsi kwa bere. Maso awo ngofooka, Endale anali kuntchito. Chilowereni m'banjamo ankangonditchula kuti woumba uja, ndipo sankalola kuti ndiwakhudze ngakhale nsalu.

“Birtukan, mwana wanga,” ananditchula dzina koyamba, chapansipansi, “tandimatireko.”

Ndinawasiya adikire kaye, ndimalize kumuluka Sosina tsitsi. Kenako ndinagwada n'kuwayang'ana m'maso nthawi yaitali, ndi maso omwe aja. Iwo ndi amene anayamba kuyang'ana pansi. Ndinamata, n'kudinikiza ndi chala ngati mmene timatsekera mng'alu pa mbiya.